Dothi la M'munda wa Malume

Kwa a Dickson ku Chiosya kunali zinthu ziwiri zimene munthu sankaseweretsa: fodya wawo ndi Consolata, mwana wa mlongo wawo. Fodyayo ankamuyendera m'mawa uliwonse asanasukusule n'komwe, atavala magambutsi awo omwe ankalowa nawo ngakhale m'tchalitchi. Consolata ndiye anamulera okha kuchokera pamene bambo ake anamwalira, iye ali Sitandade 4, mpaka kumaliza Fomu 4. Monga mwinimbumba, nkhani ya mwamuna wodzamukwatira inali m'manja mwawo, ndipo ankaonetsetsa kuti aliyense akudziwa zimenezo.

Chaka chimenechi zonse ziwiri zinawapandukira pamodzi. Pofika Febuluwale fodya anayamba chikasu, dzuwa likangokwera masamba n'kulendewera ngati makutu a mbuzi. Consolata naye anakagwa m'chikondi ndi Lameki, mwana wa matenanti ochokera ku Phalombe amene ankalima pa esiteti ya kutsidya kwa dambo. A Dickson analalata sabata yathunthu. Mwana wa tenanti! Anthu opanda ngakhale kandime ka therere! Koma Consolata ananyanyala chakudya masiku awiri, amayi ake analira mpaka maso kutupa, ndipo mkuluyo anagonja theka.

"Akwawo abwere Loweruka ndiwaone," anatero. "Ndati ndiwaone. Musamve zina."

*

Lolemba masana Consolata ndi Lameki anakumana pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa sukulu. Lameki anafika pa njinga yake yakapalasa, thukuta lili kamukamu. Mnyamatayu ankagwira ntchito yothandiza akatswiri ena ofufuza za mbewu chakufupi ndi pa Boma, ndipo matenda ake anali amodzi: ukamufunsa za ntchitoyo, uiwale zobwerera kunyumba msanga.

"Malume mtima suli m'malo," anatero Consolata. "Fodya akufa iwo akuona. Loweruka mukawapeza ali chonchi, akakulumani nonse."

"Mizu yake anaiona?"

"Aione bwanji? Kuzula fodya wawo ndi bwino uwazule dzino."

"Ine ndikukayikira manematodi," anatero Lameki akutsamiritsa njinga pamtengo. "Ndi tizilombo tonga nyongolotsi, tating'ono moti maso sangatione. Timaboola muzu n'kukhazikika m'katimo, n'kumayamwa. Muzu umatupa timibulu, madzi osakweranso kumasamba. Ndi tomwe tikulimbana nato ife kuntchito."

"Ndi mankhwala?"

"Ayi, ife sitithira poizoni. Chamoyo chilichonse chili ndi malangizo m'thupi mwake, amati majini. Jini lina limathandiza kachilomboka kuboola muzu, lina kuikira mazira. Ndiye akatswiri akonza mbewu yoti m'madzi ake muzikhala kauthenga kakang'ono. Kachilombo kakayamwa, kauthenga kaja kamakazimitsa jini limodzi lokha basi. Kamangofooka, kosadya bwino, kosaswana."

"Nanga bwanji osangowapatsa malume mbewu imeneyo, akukonde mpaka kalekale?"

"Sizinafike pamenepo. Tikuyesa kaye m'nyumba ya neti yokhoma ndi loko. Ngakhale tsamba limodzi silituluka, ndipo tikamaliza timawotcha zonse. Chimene ndingathe ine ndi kuwayezera dothi, adziwe chimene chikuwaphera fodya."

Consolata anamuyang'ana cham'mbali. "Ineyo unandizimitsa jini liti, kuti ndizikana a njinga zamoto n'kumadikira wakapalasa?"

"La nzeru," anayankha Lameki, n'kulandira chibakera chapaphewa chimene anachiputa yekha. Atatha kuseka anamugwira dzanja. "Utape dothi m'ngodya zonse zinayi za munda ndi pakati, pamodzi ndi timizu. Uike m'jumbo, ulembepo dzina la mwini munda kuti lisakasokonekere ndi la anthu ena. Koma Conso, uwapemphe kaye."

"Ndiwapempha."

Linali bodza lankunkhuniza. Malume ake ankawadziwa bwino: kuti athandizidwe ndi mwana wa tenanti, ndi bwino fodya aume yense. Chimene iye ankafuna n'chakuti Loweruka Lameki adzafike ndi yankho m'manja, mkuluyo adzasowe potsutsira. Maganizo abwino ndithu. Kungoti Consolata, ndi Fomu 4 yakeyo, anaiwala mudzi umene anabadwira.

*

Wa njinga yamoto amene ankanenayo anali Greyson, mwini sitolo ya feteleza ndi mankhwala a mbewu pamsika. Anali atamufunsira zaka ziwiri, zaka ziwiri akukanidwa. A Dickson ankamukonda chifukwa ankawatchula kuti bwana ndiponso ndi amene anawagulitsa mankhwala othira pa nazale. Tsiku lomwelo, Consolata akubwerera kunyumba, anamupeza atapingasa njinga yake pa kamlatho kamitengo ka padambo.

"Ndamva za Loweruka," anatero Greyson.

"Mwamva bwino. Ndidutse."

"Ukudziwa ntchito imene amagwira tenanti wakoyo? Amapanga zinthu kuti zisabereke. Anandiuza yekha kusitolo, akudzitama. Ukufuna ukhale chumba, Conso?"

"Amanena tizilombo, a Greyson. Ngati inu mwadziwerengera m'gulu lomwelo, si vuto langa."

Greyson anatsika panjinga n'kumugwira pamkono, n'kuupotokola mpaka mtsikanayo anagwada bondo limodzi m'matope. Fungo la kachasu linamuwomba kumaso.

"Zaka ziwiri ndikukupempha ngati wopanda manja. Lero undiyankhe zomveka."

"Ndisiye! Ndikuti ndisiye, Greyson!"

Sanamusiye. Consolata anali ndi ambulera kudzanja linalo, ija ya chogwirira chachitsulo. Sanaganize kawiri. Anaikweza n'kumumenya nayo pakamwa, kha! Greyson anadzandira chambuyo n'kugwera panjinga yake, mlomo utang'ambika, magazi ali chuchuchu pamalaya. Consolata analiyatsa liwiro, patapata imodzi n'kutsala m'matope.

Asanafike n'komwe pakhomo foni yake inalira. Uthenga wa Greyson unali waufupi: "Magazi angawa wina awabweza. Osati iwe."

Anaufufuta. Sanauze amayi ake, sanauzenso Lameki, poopa kuti mnyamatayo angakachite zaukali sabata yomwe akufunika kuoneka wofatsa.

*

Lachiwiri masana a Dickson atapita kokonzekera nyimbo zakwaya, Consolata anatenga khasu n'kulowa m'munda. Anakumba ngodya zinayi ndi pakati monga anauzidwira, n'kukwirira maenjewo ndi phazi. Pajumbo analemba ndi zilembo zikuluzikulu kuti DICKSON. Lachitatu m'mawa anakaima pamsewu, Lameki akupita kuntchito, n'kumupatsira jumboyo.

"Avomera?" anafunsa Lameki akuimangirira pakaliyala.

"Usachedwe kuntchito," anayankha Consolata.

Pobwerera anamva mfuu asanafike pamudzi. Anthu anali akuthamangira kumunda kwa malume ake, ena makasu ali paphewa. A Dickson anawapeza atagwada pa ngodya ya kum'mawa, manja ali m'dothi lofukulidwa chatsopano.

"Andikawa!" ankalira mkuluyo. "Ngodya zonse zinayi ndi pakati! Anthu inu, andikawa ine!"

Kukawa Consolata ankakudziwa kuyambira ali mwana: munthu wa mtima woipa amatapa dothi m'ngodya za munda wa mnzake, n'kukalichita zakezo, kuti zokolola zisamukire m'munda mwake. Iye ankaziyesa nthano za okalamba. Koma apa panalibe amene ankaseka, ndipo maso a anthu anali atayamba kale kuloza kutsidya kwa dambo, kumene fodya wa makolo a Lameki anali biriwiri, wofika m'chifuwa.

Anatsegula pakamwa kuti anene. Dzanja linamugwira chitenje kumbuyo. Anali amayi ake.

"Khasu ndinaliona dzulo lili ndi matope," ananong'ona mayiwo osamuyang'ana. "Tseka pakamwa pakopo. Ukanena, atithamangitsa tonse pamudzi pano."

"Koma amayi..."

"Ndati tseka. Zizizira zokha."

Sizinazizire. Pasanathe ola kunamveka kulira kwa njinga yamoto, ndipo kumbuyo kwake kunali chigulu cha anyamata apamsika chikukuwiza. Lameki anali ataima pamsika kuti apope tayala, pafupi ndi sitolo ya Greyson, jumbo ya dzina ili poyera pakaliyala. Tsopano ankamukoka ndi chingwe champhira chimene anamumanga nacho manja kumbuyo, malaya atang'ambika mpaka pamchombo.

Greyson anakweza jumboyo m'mwamba, mlomo wake uli wotupa. "Bwana, werengani nokha dzina ili."

A Dickson anawerenga. Anamasula jumbo, n'kutapa dothi, n'kulinunkhiza. Anaona timizu ta fodya wawo. Kenako anaimirira pang'onopang'ono n'kupita kuchigafa chimene chinali m'mbali mwa munda, n'kusolola mkangala, ndodo ija amayanikapo fodya.

"Iwe mnyamata," anatero, "dothi ili walitenga kuti?"

"Bambo, ndilole ndifotokoze. Ndimakaliyeza. Fodya wanuyu ndikuganiza kuti..."

"Ndafunsa kuti anakumba m'munda mwanga ndani."

Lameki anayendetsa maso m'chigulumo mpaka anamupeza Consolata. Anangomuyang'ana kamodzi, ndipo anamvetsa zonse: kuti malume sanapemphedwe, ndiponso chimene chingamuchitikire mtsikanayo akatchulidwa dzina pamaso pa anthu okwiya chonchi.

"Ndinakumba ndine, bambo."

Mkangala unatsika paphewa pake, phwa! Lameki anagwada. A Dickson anamenyanso kumsana, ndodo n'kuthyoka pakati. Apo ndi pamene anyamata aja anamugwera ngati agalu. Zibakera, zidendene, zibuluma za dothi, wina mpini wakhasu. Azimayi ena ankakuwa kuti zakwana, ena ankakuwa kuti awonjezere.

Consolata anaima chilili. Zala za amayi ake zinali zitamulowa m'mkono. Ankafuna kukuwa koma lilime linali gwa, ndipo tinene zoona, si amayi okha amene anamugwira. Anali mantha. Ankaopa mpini uja, ankaopa kutchedwa mfiti, ankaopa nkhope ya malume ake. Munthu amene ankamukonda ankamenyedwa chifukwa cha bodza lake, iye ali chete, ndipo ankadzida ndi mtima wake wonse.

Lameki anakwanitsa kudzutsa mutu, magazi akuchucha m'mphuno. "Zulani mmodzi muone mizu! Ndi manematodi, bambo! Ndi tizilombo!"

"Wabodza!" anakuwa a Dickson. "Pa nazale ndinathira mankhwala a tizilombo timeneto. Ndinagula kwa Greyson uyu!"

"Ndiye mufunseni kuti anakugulitsani chiyani!"

Greyson sanadikire kuti wina amufunse. Anathamanga n'kumuponda Lameki ndi nsapato pachibwano. Kunamveka kuthyoka kumene Consolata sadzakuiwala moyo wake wonse. Lameki anagwa chafufumimba pakati pa mizere, osagwedezekanso.

"Amati amazimitsa zamoyo kuti zisabereke!" anakuwa Greyson akupuma mwabefu. "Wayamba ndi fodya, mawa ndi ana anu aakazi! Timalize!"

Analanda mpini kwa mnyamata wina n'kuukweza ndi manja awiri, akuloza kumutu.

Consolata sanadziwe kuti anapulumuka bwanji m'manja mwa amayi ake. Chitenje chinatsala komweko. Anadziponya pamwamba pa Lameki, ndipo mpini unamupeza iye paphewa. Ululu unamuwomba mpaka m'mano, koma pakamwa panatseguka.

"Ndine! Ndinakumba ndine! Malume, ndinakumba ndine dzulo inu muli kukwaya! Zilembo zili pajumbopo ndi zanga, ziyang'aneni!"

A Dickson anatola jumbo ija n'kuyang'anitsitsa dzina lawo. Malipoti a sukulu a mwanayu anali atawasayinira zaka zisanu ndi zitatu, ndiye zilembozo sakanazisowa.

"Iwe?"

"Ndimafuna akuthandizeni. Anandiuza kuti ndikupempheni kaye, ine sindinapemphe." Ndi dzanja lomwe silinavulale anagwira fodya amene anali pafupi n'kumuzula ndi mphamvu. Mizu inatuluka yotupatupa, timibulu tili mbwee mpaka kunsonga. "Onani! Chikupha fodya wanu ndi ichi!"

Mlimi wina wachikulire anaweramira mizuyo n'kupukusa mutu, n'kuyamba kubwerera m'mbuyo mwakachetechete. Ena awiri anamutsatira. Koma a Dickson sanayang'ane n'komwe mizu. Ankayang'ana mwana wa mlongo wawo, misozi ikutsikira m'ndevu.

Kutsidya kwa dambo kunamveka mluzu. Matenanti a pa esiteti anali atamva, ndipo ankabwera akuthamanga, bambo a Lameki patsogolo, zikwanje zili m'manja. Anyamata apamsika anabalalika, Greyson n'kukwera njinga yake osacheuka. Matenantiwo sanamenye munthu. Anamukankhira Consolata kumbali, n'kumunyamula Lameki anthu anayi, mutu ukulendewera, kupita naye kugalimoto ya pa esiteti.

*

Consolata anafika pakhomo n'kupeza zovala zake zili mbwee pabwalo. A Dickson anali m'nyumba, akuponya chilichonse chimene dzanja lagwira: nsapato, makope akale, galasi loyang'anira lomwe linasweka pakhonde.

"Achimwene, chonde, ndi mwana," ankachonderera amayi ake atagwada pakhomo.

"Mwana? Mwana amakumba ngodya za munda wa malume ake?" Anatulukira pakhomo, chikwama chopanda kanthu chili m'manja, n'kumugenda nacho Consolata pachifuwa. "Ndinagulitsa ng'ombe kuti iwe uphunzire. Munda umenewu ndikafa ukanakhala wako. Unalephera kudikira?"

"Malume, sindinafune munda. Ndimafuna mumukonde."

"Wandichititsa manyazi pamaso pa mudzi. Wandimenyetsa munthu. Choka! Pita kwa matenanti akowo!"

Mawu akuti wandimenyetsa munthu anatuluka mosweka, ndipo Consolata anazindikira kuti mkuluyo ankadziwa kale kuti walakwitsa. Koma a Dickson akalakwitsa ndi pamene ankakuwa kwambiri. Mtsikanayo anatolera zimene akanatha ndi dzanja limodzi n'kukagona kwa mnzake wa kukwaya. Foni ya Lameki anaiimbira kasanu ndi kawiri, yosayankhidwa.

*

Lachinayi m'mawa anakwera minibasi ya ku Boma, phewa litatupa moti bulauzi anachita kumuveka mnzake uja. Kuchipatala anafunsa wodi ya abambo. Pakhomo pa wodiyo panakhala mayi wamfupi, wakuda, atamanga chitenje m'chiuno mwamphamvu. Anali a Esnart, amayi a Lameki. Consolata anali atawaonapo kawiri, ndipo maulendo onsewo anamusekerera n'kumutchula kuti apongozi.

Anagwada. "Mwadzuka bwanji, amayi?"

"Ndani mayi ako?"

Consolata anazyolika.

"Chibwano chathyoka pawiri," anatero a Esnart. "Nthiti zitatu. Amumanga mano ndi waya, akumwa phala ndi kapaipi. Ine ndinachoka ku Phalombe ndi mwana ameneyu kumsana. Ndasoka fodya wa eni ake zaka makumi awiri kuti iye asadzagwire mkangala, lero mkangala womwewo wamuthyokera pamsana. Iwe unalipo?"

"Ndinalipo, amayi."

"Kuyambira pachiyambi?"

"Eya."

"Ndiye unayankhula nthawi yanji?"

Consolata analira.

"Ndinachita mantha," anatero.

A Esnart anaimirira n'kumugwira pamkono, mkono womwe unali wovulalawo, n'kumukokera m'wodi. Lameki anali pa bedi lachitatu. Nkhope yake inali yotupa moti pakanapanda amayi akewo sakanamuzindikira. Diso limodzi linali lotsekeka, linalo linatseguka pang'ono n'kumupeza. Zala zake zinagwedezeka pabulangete, ndipo Consolata anazigwira akusisima.

Pambali pa bedi panaima wapolisi wamkazi, kabuku ndi cholembera zili m'manja.

"Bambo ake anakadandaula kupolisi dzulo," anatero a Esnart. "Koma ife tinafika zitatha. Mwanayu sangayankhule. A m'mudzi mwanu onse akuti anali kudimba, palibe anaona kanthu. Watsala ndiwe." Anatsitsa mawu. "Umati umamukonda. Ukanena zoona pano, ndidzakutchanso mpongozi wanga. Ukabisa munthu mmodzi yekha, utuluke pakhomo paja ndipo nkhope yako asadzaionenso."

Wapolisi anatsegula tsamba latsopano. "Dzina lanu, chemwali?"

"Consolata."

"Munaona amene anamuthyola chibwano?"

"A Greyson, a sitolo ya pamsika. Anamuponda ndi nsapato. Ndi omwe anandimenyanso ine ndi mpini."

Wapolisi analemba. Dzina limenelo linatuluka mosavuta, mwina n'kukoma komwe. Anatchulanso anyamata atatu amene anawazindikira. Anayamba kuganiza kuti mwina zathera pomwepo.

"Chabwino. Nanga anayamba kumenya ndani?"

Consolata anamva zala za Lameki zikumufinya. Sanadziwe ngati akumuuza kuti nena kapena usanene. M'maganizo anaona a Dickson atamunyamula paphewa kumuwolotsa dambo litadzaza, tsiku la mayeso a Sitandade 8. Anaonanso mkangala ukutsika pa munthu womangidwa manja. Dzulo anakhala chete mpaka fupa linathyoka, ndipo sakanatha kukhalanso chete kachiwiri.

"Anayamba ndi a Dickson," anatero. "Malume anga. Anamumenya kawiri ndi mkangala, ena onse anatsatira iwo."

"Amakhala kuti?"

Anafotokoza njira yonse, mpaka mtengo wa bulugamu wa pakhomo. Wapolisi anatseka kabuku n'kunena kuti galimoto ipita masana omwewo. A Esnart anapumira m'mwamba n'kumuika dzanja pamutu.

Kumbuyo kwawo kunamveka chinthu chikugwa pasimenti. Consolata anacheuka. Pakhomo pa wodi panaima amayi ake omubereka. Anali atamulondola ndi minibasi yotsatira, atanyamula mtanga wa nthochi ndi botolo la thobwa kuti adzapepese kwa eni mwana. Mtangawo unali pansi, nthochi zitamwazika, thobwa likuyenderera kulowera kunsi kwa mabedi.

"Amayi..."

Mayiwo sanakuwe. Anayenda pang'onopang'ono mpaka pafupi, n'kuyang'ana wapolisi, n'kuyang'ana mnyamata wogonayo, kenako mwana wawo.

"Achimwene sanadye chichokereni iwe," anatero. "M'mawa uno azula fodya mizere itatu, aona mizu, akhala pansi n'kulira. Andituma kuti ndidzanene kuti mnyamatayu akachira, akwawo abwere, avomera. Ndiye iwe wawamangitsa. Mwinimbumba wako ndi mmodzi yekha, Consolata. Ukwati wakowo adzakupereka ndani?"